Tsamba Likagwa Manyazi Agwira Mtengo

Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Pali nkhani zina zimene munthu wa imvi safuna kuzitchula poopa kudetsa pakamwa, ndipo iyi ndi imodzi mwa izo. Koma ndi nkhani ya ana, ndipo pa nkhani ya ana wokhala chete amathandiza woipa. Ndiyankhula tsono, mosankha mawu, koma chimene ndikunena sindichibisa.

Dziko la Japan akuluakulufe timalidziwa ndi magalimoto ake amene adzaza misewu ya Lilongwe ndi Lusaka, komanso ndi achinyamata ake odzipereka amene akhala akubwera ku Malawi kudzathandiza m'sukulu ndi m'zipatala kuyambira mu 1971. Adzukulu athu amalidziwa ndi china: mabuku a nthano zojambula otchedwa manga, ndi makatuni oyenda otchedwa anime. Afunseni za Naruto, Dragon Ball kapena One Piece, muona nkhope zikuwala. Kwawo ku Japan mabukuwa si a ana okha. Amawerenga bambo wa tayi m'sitima popita ku ntchito, amawerenga agogo pakhonde. Muli nthano za mpira, za kuphika, za udokotala, za mbiri ya makolo. Keiji Nakazawa, amene adapulumuka bomba la ku Hiroshima mu 1945 ali ndi zaka 6, adafotokoza zimene maso ake adaona kudzera m'manga, ndipo ana a m'mayiko ambiri adaphunzira kuopa nkhondo powerenga ntchito yake. Akale adati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, koma pano mwambiwo ndiukana. Dengu ili ndi lalikulu ndipo zambiri m'menemo n'zabwino. Wonyoza dengu lonse wanama, ndipo wonama sateteza mwana.

Yoolayo ilimo ndithu. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kudabuka mtundu wa zojambula zimene zimatenga ana, makamaka asungwana aang'ono, n'kuwaika m'zolaula kuti akuluakulu akhutitse nazo chilakolako. Eni ake amazitcha lolicon. Sizikhala kumdima kokha. Zimasindikizidwa, zimagulitsidwa m'masitolo ena a ku Akihabara mumzinda wa Tokyo pa mashelefu olembedwa kuti ndi a akuluakulu, zimapezeka pa Comiket, msika waukulu wa ojambula odzisindikizira okha umene udayamba mu 1975 ndipo umasonkhanitsa anthu zikwi mazanamazana, ndipo lero zimadutsa malire a mayiko pa intaneti popanda wozifunsa chiphaso. Palinso zina zosafika pa zolaula zenizeni, zimene zimalowa m'makatuni wamba a pa wailesi yakanema: diso la wojambula likukhala pa thupi la mwana wa sukulu m'njira imene diso la munthu wamkulu siliyenera kukhalapo.

Lamulo la kumeneko likuti chiyani? Mu 1996 mayiko adasonkhana ku Stockholm kukambirana za malonda ogwiritsa ana ntchito zachiwerewere, ndipo Japan idadzudzulidwa kwambiri. Mu 1999 idakhazikitsa lamulo loletsa kupanga, kugawa ndi kugulitsa zithunzi zolaula za ana. Koma kukhala nazo m'nyumba, munthu kumazionera yekha, sikudali mlandu. Padapita zaka 15 kuti mpata umenewu utsekedwe. Mu June 2014 nyumba ya malamulo idavomereza kuti wopezeka nazo akhoza kukhala m'ndende mpaka chaka chimodzi kapena kulipira chindapusa chofika ma yen 1 miliyoni, ndipo anthu adapatsidwa chaka chathunthu choti ataye zimene adasunga chilango chisanayambe kugwira ntchito mu July 2015. Mwa mayiko olemera a bungwe la OECD, Japan idali yomaliza kuchita zimenezi. Ndipo m'lamulolo manga, anime ndi masewero a pa kompyuta adazisiya kunja dala. Lamulo limateteza mwana weniweni, wa dzina ndi magazi. Wojambulidwa ndi inki, akuti, si mwana.

Mlandu sagamula atamva mbali imodzi, choncho tiyeni timve oteteza zojambulazi, pakuti si onse amene ali oipa mtima, ndipo mawu awo ena ndi olemera.

Choyamba amakumbukira kumene adachokera. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe ndiponso ili mkati, boma la Japan lidatseka pakamwa olemba ndi ojambula, ndipo lamulo la mu 1925 lonena za kusunga bata lidaponyetsa m'ndende anthu ambiri chifukwa cha maganizo awo okha. N'chifukwa chake ndime 21 ya malamulo aakulu a dziko lawo, amene adayamba kugwira ntchito mu 1947, imanena poyera kuti boma lisamapime zolemba za anthu. Ngakhale nkhondo itatha, mu 1955 kudabuka gulu lothamangitsa mabuku amene lidawatcha oipa, ndipo manga adatenthedwa m'mabwalo a sukulu. Wolumidwa ndi njoka amathawa ndi luzi lomwe. Ife amene tidakhalapo pa nthawi imene bungwe lopima mabuku linkasankhira Amalawi choti awerenge, mantha amenewa sitiwaseka.

Amakumbukiranso chaka cha 1989. Mnyamata wina, Tsutomu Miyazaki, adagwidwa atapha asungwana anayi a zaka za pakati pa 4 ndi 7 m'madera a Saitama ndi Tokyo. M'chipinda chake adapezamo matepi a kanema oposa 5,000, ena a makatuni ndi mafilimu oopsa, ndipo nyuzipepala ndi mawailesi adaloza chala pa aliyense wokonda manga ngati chigawenga chimene chikudikira tsiku lake. Miyazaki adanyongedwa mu 2008, koma chitonzo chimene chidagwera anthu osalakwa chidakhala zaka zambiri. Kuyambira pamenepo okonda zojambula akamva mawu akuti "tikuteteza ana" amatsekeratu makutu, poganiza kuti alenje aja abweranso.

Adaonetsa mphamvu zawo mu 2010. Akuluakulu a mzinda wa Tokyo, motsogozedwa ndi bwanamkubwa Shintaro Ishihara, adabweretsa lamulo lonena za "achinyamata amene kulibe", kutanthauza ana a m'zojambula. Akamuna ndi ntchembere za luso la manga, Tetsuya Chiba, Go Nagai, Machiko Satonaka ndi Keiko Takemiya, adaimirira pamaso pa atolankhani kulikana. Lidagwa mu June chaka chomwecho. Mu December lidabwera lina lofewerapo, longoletsa kugulitsa kwa osakwana zaka 18 zojambula zimene zikutamanda mchitidwe wogonana woletsedwa ndi lamulo, ndipo ilo lidadutsa. Makampani khumi osindikiza mabuku, pakati pawo Kodansha, Shueisha, Shogakukan ndi Kadokawa, adakwiya mpaka kunyanyala chionetsero chachikulu cha makatuni cha mumzindawo.

Mayi Takemiya ndiwo amandiimitsa kuti ndiganize. Iwo m'zaka za m'ma 1970 adajambula nthano ya anyamata aang'ono ochitidwa nkhanza ndi akuluakulu, nthano yowawa, yolemberedwa asungwana owerenga, ndipo mantha awo adali akuti lamulo losasankha mawu bwino lidzameza ndi ntchito zotere zomwe. Funso lawo ndi loona: ngati tiletsa kujambula choipa, wochitidwa choipayo adzafotokoza bwanji zimene zidamuchitikira? Ena amawonjezera kuti kajambulidwe ka manga, ka maso aakulu ndi nkhope zosalala, kamachititsa mayi wa zaka 30 kuoneka ngati kamtsikana, nanga wapolisi adzayeza bwanji msinkhu wa munthu amene sadabadwe? Ku Sweden munthu wina womasulira manga adapezeka wolakwa m'makhoti aang'ono chifukwa cha zojambula za pa kompyuta yake, koma mu 2012 khoti lalikulu la dzikolo lidamumasula. Ndipo amatchula kafukufuku wa Milton Diamond ndi Ayako Uchiyama wa mu 1999, amene adapeza kuti pakati pa 1972 ndi 1995, pamene zolaula zinkachuluka ku Japan, milandu yogwirira yolembedwa kupolisi inkachepa. Pomaliza pake amati: palibe mwana amene walira. Ndi pepala ndi inki basi.

Ndawamva. Tsopano nanenso ndiyankhe.

Kusiyanitsa nthano yoonetsa nkhanza kuti tiidane nayo ndi chojambula chogulitsa nkhanzayo ngati chokoma sikovuta monga momwe amanenera. Kungavute woweruza amene akufuna mawu a lamulo osadontha, koma wojambula mwini sikumuvuta, wosindikiza sikumuvuta, ndipo wogula sikumuvuta n'komwe, chifukwa amadziwa chimene wapitira kusitolo. Bukulo limalembedwa pachikuto kuti ndi la akuluakulu, limaikidwa pa shelefu yake, wojambula amatchula kalasi imene mwanayo ali, amamuveka yunifolomu ndi chikwama cha kupulayimale. Pa malonda palibe amene amasokonezeka za msinkhu. Chisokonezo chimabwera pa tsiku la mlandu lokha. Kuika ntchito ya Mayi Takemiya kutsogolo ngati chishango cha malonda amenewa n'kuwalakwira mayiwo.

Pa za kafukufuku uja, chiwerengero cha kupolisi chimawerenga amene adafika kupolisi. Ku Japan, mpaka mu 2017, mlandu wogwirira sunkapita kukhoti pokhapokha wogwiriridwayo atadandaula yekha, ndipo lamulo lidali kuona mkazi yekha ngati munthu amene angagwiriridwe. Mnyamata wochitidwa zimenezi, m'maso mwa lamulo la mlanduwo, kudalibe. Nanga buku la apolisi likakhala loyera, tinene kuti m'midzi muli mtendere, kapena kuti ana akulira chamumtima? Sindikunena kuti aliyense woona zojambulazi adzagwira mwana. Kutero kungakhale kubwereza bodza la mu 1989. Koma oteteza ana m'mayiko ambiri amadziwa njira ya wogwirira: sayamba ndi dzanja, amayamba ndi kuzoloweza. Amamuonetsa mwana chithunzi kuti aone ngati n'zochitika, n'zoseketsa, anzake amachita. Ndipo palibe chithunzi chimene mwana amachikhulupirira msanga kuposa katuni, chifukwa katuni ndi chinenero chake.

Pali ena amene amati zojambulazi n'zothandiza, pakuti munthu wa chilakolako choipa akazipeza amakhuta n'kusiya ana enieni. Amenewa sadawetepo mbuzi. Fisi amene mukumuponyera mafupa kuseri kwa khola usiku uliwonse kuti asagwire mbuzi, chimene mukumuphunzitsa ndi njira ya kukhola. Munthu amene wazindikira kuti mtima wake ukukokera kwa ana afunika dokotala ndi aphungu a maganizo, ndipo dziko la Germany lidatsegula ntchito yotere pa chipatala cha Charité ku Berlin mu 2005, yothandiza anthu asanalakwe. Kumeneko ndiko kuchitira munthu chifundo. Kumutsegulira sitolo n'kumudyera ndalama.

Koma chimene chimandivuta kwenikweni si inki. Ngati munthu anena kuti "ine ndimasiyanitsa chojambula ndi mwana weniweni, ndipo mwana weniweni ndimamulemekeza," ndimuyesa ndi chinthu chimodzi: tsiku limene mwana weniweni wapwetekedwa, iye amachita chiyani? Apa ndi pamene nkhani ya ku Japan imandiwawa.

Mu November 2017 zidadziwika kuti apolisi adapeza Nobuhiro Watsuki, wojambula wotchuka wa nthano ya Rurouni Kenshin, ali ndi ma DVD a zolaula za ana. Sizidali zojambula ayi. Adali ana enieni, obadwa kwa amayi awo. Mu February 2018 adalamulidwa kulipira ma yen 200,000, ndalama zosafika madola 2,000 a ku America, ndipo pofika June chaka chomwecho nthano yake idayambiranso kutuluka m'magazini ya kampani ya Shueisha. Mu 2023 adaipangiranso makatuni atsopano. Kunena chilungamo, kampani yomweyo mu 2020 idathetseratu nthano ya Act-Age pamene mlembi wake adagwidwa chifukwa chogwiragwira asungwana a sukulu mumsewu, kusonyeza kuti ikafuna imatha. Koma pa Watsuki, amene dzina lake limabweretsa chuma chambiri, idadikira miyezi yowerengeka basi. Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Ana a m'ma DVD aja lero ndi akuluakulu, ali kwinakwake, akudziwa kuti zithunzi zawo zidakali m'manja mwa anthu, ndipo mtengo wa misozi yawo adauwerengera pa ma yen 200,000.

Nanga za Johnny Kitagawa? Ameneyu sadali wa manga. Adali mwini kampani yaikulu yophunzitsa anyamata kuimba ndi kuvina, imene idalamulira mawailesi akanema a dzikolo zaka zambirimbiri. Mu 1999 magazini ya Shukan Bunshun idalemba kuti amagona anyamata aang'ono amene makolo adamupatsa kuti awalere pa luso. Iye adakasuma, koma mu 2003 khoti lalikulu la ku Tokyo lidapeza kuti zolembedwazo pa nkhani ya nkhanza zidali zoona, ndipo mu 2004 chigamulocho chidatsimikizidwa. Mawailesi akuluakulu adangoti zii. Munthuyo adapitiriza ntchito yake, adamwalira mu 2019 ali ndi zaka 87, naliridwa maliro a ulemu. Padafunika kanema wa BBC wa mu March 2023, ndi kulimba mtima kwa anyamata ngati Kauan Okamoto amene adaima pamaso pa atolankhani mwezi wotsatira, kuti kampaniyo ivomere mu September chaka chomwecho. Anthu pafupifupi 1,000 adabwera kudzanena kuti nawonso adachitidwa. Mlandu suola, koma taonani kuchuluka kwa ana amene adalowa m'nyumba imeneyo pakati pa 2004 ndi 2019, khoti litanena kale.

Onjezani apo kuti msinkhu umene lamulo lalikulu la milandu linkati mwana akhoza kuvomera kugonana udali zaka 13, kuyambira mu 1907 mpaka mu 2023 pamene adaukweza kufika pa 16. Zigawo za dzikolo zidali ndi malamulo awoawo oteteza osakwana zaka 18, zimenezo n'zoona, koma lamulo la dziko lonse lidakhala chomwecho zaka zoposa 100. Onjezaninso malonda a timabuku ndi makanema a asungwana enieni aang'ono ovekedwa zosambira, amene ankagulitsidwa poyera chifukwa akuti sadavule. Onjezani malo amene abambo ankalipira kuti ayende kapena kucheza ndi asungwana a sekondale, amene mzinda wa Tokyo udawaikira lamulo mu 2017. Sindikunena kuti manga ndiwo adabala zonsezi. Ndikunena kuti zonsezi zimamwa pachitsime chimodzi, chimene ndi diso loona ubwana ngati chokometsera cha akuluakulu. Ndipo amene amaumirira kuti pakati pa inki ndi mwana pali khoma lalitali adayenera kukhala oyamba kulondera khomalo. Sitidawaone.

Amene tidawaona ndi ovota. Mu July 2022 Ken Akamatsu, wojambula manga wodziwika, adaima pa chisankho cha nyumba yapamwamba ya malamulo, mfundo yake yaikulu ili yoteteza ufulu wa ojambula, ndipo adapeza mavoti oposa 500,000. Sindimuda chifukwa cha zimenezo. Anthu ali ndi ufulu wosankha wowayankhulira. Ndingoona kuti cholembera chili ndi phungu wake, makampani ali ndi maloya awo, ogula ali ndi mavoti awo. Mwana wa zaka 9 savota, salemba m'nyuzipepala, sanyanyala chionetsero. Mwana sakulira nakubala, amatero akale, kutanthauza kuti aliyense wamkulu ndi kholo lake. Mkangano uwu wakhala ukuchitika pakati pa akuluakulu okhaokha, uyu akuti ufulu wanga, uyo akuti mbiri ya dziko lathu, mwini nkhani atakhala panja.

Odzudzula nawonso ali ndi pawo pamene adapunthwa. Mu October 2015 nthumwi yapadera ya United Nations pa nkhani za kugulitsa ana, Mayi Maud de Boer-Buquicchio, adayendera Japan napempha kuti manga oonetsa ana m'zolaula zoopsa aletsedwe. Pempholi lidali labwino. Koma pa msonkhano wa atolankhani adatchulanso chiwerengero chakuti asungwana a sukulu 13 mwa 100 alionse amachita zibwenzi za ndalama ndi akuluakulu, chiwerengero chimene chidalibe maziko olimba. Boma la Japan lidakwiya, mayiwo adasiya kuchigwiritsa ntchito, ndipo nkhani yonse idasanduka ya nambala yolakwika. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Womenyera ana nkhondo ayenera kusamala lilime kuposa wina aliyense, chifukwa akaphonya kamodzi, oipa amabisala kuseri kwa kuphonyako zaka khumi.

Ndipo ife tisaime patali n'kumagwedeza mitu ngati oyera. Anyani amasekana zikundu. Mawu akuti "ichi n'chikhalidwe chathu, alendo sangachimvetse," amene ena ku Japan amayankha nawo akadzudzulidwa, ife timawadziwa bwino, chifukwa tidawagwiritsapo ntchito poteteza kukwatitsa ana ndi miyambo yosasa fumbi. Mu 2016 dziko lonse lidamva za bambo wa ku Nsanje amene ankalipidwa kuti agone ndi asungwana ndi amayi amasiye m'dzina la mwambo. Malawi idadikira mpaka mu 2017 kuti isinthe malamulo ake aakulu n'kunena kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Ku Dedza, Inkosi Kachindamoto idachita kuthetsa maukwati a ana mazanamazana, ikulimbana ndi makolo enieni a anawo. Choncho sindikuyankhula ngati wa mtundu wopambana. Ndikuyankhula ngati wa mtundu umene udaphunzira mochedwa kuti chikhalidwe chimene chimadya ana ake chiyenera kusinthidwa ndi eni ake, ndipo mlendo wokuuza zimenezo si mdani. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Pali chenjezo limodzi loti ndipereke kwa abale athu a kunja. Ku England ndi Wales, lamulo la mu 2009 limene lidayamba kugwira ntchito mu April 2010 limati kukhala ndi zojambula zolaula za ana ndi mlandu wofika zaka zitatu m'ndende, ngakhale ali makatuni, ndipo anthu adaweruzidwapo kale. Ku South Africa lamulo limaphatikiza zithunzi zenizeni ndi zongoyerekeza. Canada ndi Australia nazonso siziona kusiyana kumene Japan imaona. Mnyamata wa ku Leeds kapena ku Johannesburg amene walandira zoterezi pa foni kuchokera m'gulu la anzake n'kuzisunga, poganiza kuti ndi katuni chabe, akhoza kuononga moyo wake wonse. Makolo, mukaona mwana akuonera makatuni musangoti ali pabwino. Khalani naye pansi, funsani dzina la chimene akuonera, muonereni limodzi kagawo kamodzi. Zambiri mudzazipeza zabwino, mwina mudzazikonda. Koma mwana adziwe kuti akakumana ndi chomuchititsa manyazi akhoza kubwera kwa inu osaopa kukwapulidwa, pakuti amene amaopa kholo amakaulula kwa mlendo wa pa intaneti.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mfundo yakuti chojambula chilibe mwana mkati mwake idalimba pa nthawi imene chojambula chinkachokera m'mutu ndi m'dzanja la munthu. Lero makompyuta amapanga zithunzi okha, ataphunzira kuchokera ku zithunzi mamiliyoni zotoledwa pa intaneti. Mu December 2023 akatswiri a pa yunivesite ya Stanford adapeza kuti m'nkhokwe ina yaikulu yophunzitsira makina otere, yotchedwa LAION-5B, mudali zithunzi zoposa 1,000 za ana enieni ochitidwa nkhanza. Ndiye kuti chithunzi chimene munthu akuti "palibe mwana m'menemu" chikhoza kukhala choumbidwa ndi misozi ya mwana amene alipo. Munthu akhozanso kutenga nkhope ya mwana wa mnzake pa chithunzi cha kusukulu n'kuisandutsa cholaula m'kanthawi kochepa. Lamulo limene limafunsa kaye kuti "kodi mwanayu alipodi?" likupeza kuti funsolo layamba kuvuta kuyankha.

Japan ikusuntha, ngakhale mwa kayendedwe ka nkhono. Mu April 2023 idatsegula nthambi ya boma yoona za ana ndi mabanja. Mu June 2024 idavomereza lamulo lakuti sukulu ndi malo osungira ana azifufuza ngati wofuna ntchito adapezekapo wolakwa pa milandu yogwirira. Zimenezi sizidagwe kumwamba. Zidabwera chifukwa anthu a ku Japan eni ake, amayi, maloya, ochitidwa nkhanza amene adatopa ndi kukhala chete, adakankha chitseko. Tikamanena za dzikolo tisaiwale iwowa, pakuti ndiwo asenza katundu wolemera.

Kodi ndikufuna apolisi alowe m'chipinda cha wojambula aliyense? Ayi. Lamulo lolembedwa mwaukali ndi mothamanga limagwira osalakwa, ndipo a ku Japan ali ndi chifukwa choopera boma likayamba kusankha mabuku. Ngati lamulo libwera, likhale lopapatiza, lolunjika pa zimene zapangidwira chilakolako basi, monga adayesera a ku Britain. Koma pali bwalo lina limene silifuna phungu kapena woweruza. Tsamba likagwa manyazi agwira mtengo. Mtengo pano ndi makampani aakulu osindikiza, eni masitolo, eni masamba a pa intaneti, okonza Comiket, ndi akatswiri a luso amene dziko lonse limawalemekeza. Ufulu wojambula ulinso ndi ufulu wokana: mkonzi akhoza kunena kuti ichi m'magazini yanga sichilowa, wa sitolo akhoza kunena kuti shelefu iyi ndaichotsa, mphunzitsi wa luso akhoza kuuza wophunzira wake kuti dzanja lako ndi labwino, usaliipitse. Palibe ndime ya malamulo imene imaletsa zimenezi.

Mu 2010 akuluakulu a manga adatha kusonkhana m'masiku ochepa, kukhala pa tebulo limodzi pamaso pa makamera, ndipo makampani khumi opikisana pa malonda adayankhula ndi pakamwa pamodzi, chifukwa cholembera chidali pangozi. Adasonyeza kuti akafuna amagwirizana, ndipo nthawi zina boma limawamvera. Ndikufuna makampani omwewo, ndi olowa m'malo a akuluakulu aja, akhalenso pa tebulo lotero, popanda bwanamkubwa wowaopseza kapena nthumwi ya kunja yowadzudzula, anene poyera kuti zolaula za ana sazisindikiza, sazigulitsa, ndipo wopezeka ndi zithunzi za ana enieni sabwerera m'magazini awo pakatha miyezi isanu ndi umodzi.